Lenzi si yakufa, vuto ndi f/1.8 mwaikakamirayo

Achimwene, mukudandaula kuti lenzi yanu ya 50mm ikutulutsa zithunzi za chimbuuzi, koma musaibweze kaye. f/1.8 ndi nambala ya aperture, kabowo kolowera kuwala mu lenzi: nambala ikachepa, kabowoko kakula. Amene amandinyansa ndi ogulitsa ndi anyamata a pa YouTube amene amangokuwa kuti "tsegulani mpaka 1.8 kumbuyo kusungunuke", osakuuzani kuti pa 1.8 malo ooneka bwino amakhala kachigawo kochepetsetsa. Pa kamera ya sensa yaing'ono ngati Canon 2000D kapena Nikon D3500, mukaima mita imodzi kuchokera pa munthu, malo ooneka bwino ndi pafupifupi masentimita 3 basi. Pa mamita 2 ndi masentimita 11 kapena 12, pa mamita 3 ndi pafupifupi 26. Ndiye nkhope yokha, kuchokera pansonga ya mphuno kufika kukhutu, yadutsa kale masentimita 3.

Zimaonekera bwino pa chinkhoswe. Pa kasikirini ka kumbuyo kwa kamera zonse zimaoneka zabwino, mumachita kumwetulira. Mukafika kunyumba n'kuika pa kompyuta, mphuno ya mkwatibwi ili bwinobwino, maso ali chimbuuzi. Chithunzi china, ndolo zikuoneka mpaka timiyala take, nkhope yathawa. Mkwati anaima kumbuyo pang'ono, phewa kuseri kwa mkazi wake, ndiye iye yense wasanduka nkhungu. Ankhoswe a mzere wachiwiri simungadziwe kuti uyu ndi malume uti. Ndipo zimene munajambula panja masana zayera mbee, diresi lopanda ngakhale ulusi umodzi wooneka. Mwambo subwerezedwa, eni ake alipira kale, foni ikungolira. Palibe pulogalamu imene ingabweze diso limene fokasi inaliphonya, musanamizidwe.

Kuyerako chifukwa chake n'chosavuta. Dzuwa la masana pa ISO 100 (ISO ndi mmene sensa imamvera kuwala) ndi f/1.8 limafuna shutter, nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa, ya pafupifupi 1/8000 ya sekondi, koma makamera awiri ndatchulawa amathera pa 1/4000. Gulani fyuluta ya ND8, kagalasi kakuda komangirira kutsogolo kwa lenzi, imachepetsa kuwala ndi masitopu 3 (sitopu iliyonse ndi kudula kuwala ndi theka). Onani kukula kwa pakamwa pa lenzi: Canon 50mm STM ndi 49mm, Nikon 50mm f/1.8G ndi 58mm. Kapena ingomupititsani munthuyo pamthunzi wa mtengo.

Za fokasi, chotsani zoti kamera izisankha yokha malo, chifukwa imakonda chimene chili pafupi, nthawi zambiri mphuno kapena maluwa ali m'manja. Ikani kadontho kamodzi ka fokasi, mukasunthe nokha kafike pa diso limene lili pafupi ndi inu. Chizolowezi chogwira fokasi ndi kadontho kapakati kenako n'kutembenuza kamera chimagwira pa f/5.6, koma pa 1.8 muli pafupi, kutembenuzako kokha kumasuntha fokasi kupita kumakutu. Shutter isachedwe kuposa 1/125, kwa ana ndi ovina 1/500. Munthu mmodzi yambirani pa f/2.5 kapena 2.8, lenzi imeneyi pamenepo ndi pamene imayamba kuluma, zithunzi n'kumaoneka zakuthwa, ndipo mizere yofiirira ija ya m'mphepete mwa zinthu zoyera imachepa. Anthu awiri f/4, aime mofanana mapewa. Gulu la mizere iwiri f/5.6 kapena f/8, mubwerere kumbuyo mamita 4 kapena kuposa.

Kumbuyo kosungunuka sikuchokera pa aperture pokha. Munthu akatsamira khoma, ngakhale pa 1.8 njerwa ziziwerengeka. Mumuchotse pakhomapo mamita 5, inu mumuyandikire, pa 2.8 kumbuyo kuzikhala kofewa kuposa apo.

Ngati munagula yogwiritsidwapo kale ntchito, iyeseni. Gonekani rula patebulo, kamera iipenye mopendekera, gwirani fokasi pa nambala 15 pa f/1.8, jambulani kasanu kudzera pa kagalasi koyang'anira, kenako kasanu pa Live View, mukuyang'ana pa sikirini ya kumbuyo. Live View ikamalondola koma kagalasi kakumagwera pa 13 kapena 17 nthawi zonse, lenzi ndi kamera sizikugwirizana, ndipo makamera otsika mtengowa alibe pokonzera zimenezo mu menyu. Walitsaninso tochi mkati mwa lenzi muone ngati muli timizere tonga ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu ya chinyezi, ogulitsa ena amadziwa bwino koma amangoti "ndi kafumbi chabe". Mbava zimenezo. A Nikon samalani: 50mm f/1.8D siigwira fokasi yokha pa D3500 kapena D5600, mufunika ya f/1.8G.

Koma musachite mantha mpaka kumangokhala pa f/8, mukatero kunali bwino mukanangokhala ndi lenzi ya 18-55mm munagula nayo kamera ija. Madzulo dzuwa likapendeka, munthu mmodzi atakhala phee, ikani pa 1.8 penipeni, muwombere zithunzi 5 motsatizana, chimodzi diso lidzagwira. Kulitsani pasikirini muone diso musanamulole achoke.