Za ma tram a ku Joni

Achimwene mwafunsa ngati nzoona kuti ku Johannesburg kunali sitima zoyenda pakati pa msewu limodzi ndi magalimoto, eya nzoona, ankazitcha ma tram. Anayamba mu 1891 ndipo oyambawo sanali amagetsi ayi, ankakokedwa ndi mahatchi panjanji, kunyamuka pa Market Square pakati pa tauni kupita mbali ngati Fordsburg ndi Jeppestown. Tangoganizani, mzindawo unali ndi zaka zisanu zokha chiyambire golide atapezeka mu 1886, misewu fumbi lokhalokha.

Ma tram amagetsi anabwera mu 1906, ambiri osanjikizana, mipando pansi ina pamwamba, moto akutenga pa waya wam'mwamba kudzera pa kamtengo kachitsulo kapadenga. Chonyansa nchakuti tsankho linalipo momwemo, anthu akuda anali ndi ma tram awoawo, nde agogo athu opita ku migodi aja musaganize kuti ankangokwera iliyonse.

Mabasi atachuluka ma tram anayamba kutha pang'onopang'ono, yomaliza inayenda mu Malichi 1961. Ngati muli konko pitani ku James Hall Museum of Transport, malo osungirako magalimoto ndi zokwera zina zakale, ena anawasunga kumeneko mukawaona ndi maso.