Njira za pa phiri la Zomba nzabwino, koma onani amene akukutsogolerani

Achemwali, poti mwangosamukira kumene ku Zomba kuno ndipo mwafunsa za njira zothamangamo pa phiri, musathamangire njira zimene ena akutchulirani musanamve izi. Potato Path, Emperor's View, Chingwe's Hole, zonsezo ndi zabwino ndithu, ine ndimazikonda mpaka lero. Koma palibe amene wakuuzani za chiperoni, ndipo mtima wanga wawawa nditaona ena akukulimbikitsani kuti mungolowa gulu lililonse basi simudzasochera.

Inetu ndinali m'gulu la othamanga. Unali mwezi wa June, Loweruka m'mamawa. Mtsogoleri wathu ankakonzekera Porters Race, mpikisano wothamanga pa phiri la Mulanje, ija imachitika mu July, yoyambira ku Likhubula kukwera Chambe kudutsa Lichenya, makilomita oposa 20. Enafe tinkangofuna kutulutsa thukuta. Tisananyamuke analonjeza yekha, pakamwa pake, kuti palibe wotsala m'mbuyo, pa mphambano iliyonse tizidikirana. Tinakwera Potato Path, ndipo dziwani kuti kuchoka m'tauni kukafika Ku Chawe, pa hotela ya paphiri ija, mumakhala mutakwera mamita oposa 500, miyendo imakhala italema kale. Tinadutsa damu la Mulunguzi, Williams Falls, nkulowa msewu wadothi wopita ku Chingwe's Hole. Dzuwa lili phwee.

Kenaka chinafika. Chiperoni cha pamwamba paja sichifanana ndi chimene mumachiona m'tauni mutavala juzi pakhonde. Mphepo yachinyontho yochokera kunyanja ya mchere ya ku Mozambique ikagunda phiri imakwera nkuzizira, ndiye nkhungu imangokuphimbani nthawi yomweyo. Mitengo ya paini imene ndinkaiona bwinobwino inazimiririka, anzanga a kutsogolo anasanduka zithunzithunzi, kenako ziii. Msewu uja malole onyamula zipika anaukumba ngalande ziwiri, ndipo masamba a paini onyowa anali ataphimba ngalandezo. Ndinaponda, phazi linapindika, ndinamva kuti tswa m'kakolo, ine khuu pansi.

Ndinakuwa. Ndinaitana mtsogoleriyo dzina lake kangapo konse. Mapazi awo ndinkawamva akupita, akupita, mpaka osamvekanso. Ndinatulutsa foni, netiweki panalibe. Malaya anga anali atanyowa ndi thukuta, ndiye mphepo ija itayamba kundilowa mano anayamba kugundana okha, zala kuuma moti kukanika ndi kumasula chingwe cha nsapato pomwe. Kakolo anatupa ndikuona, nsapato nkuyamba kundithina. Chimene chinandiopsa kwambiri nchoti mbali ya kumadzulo imeneyo kuli phompho loyang'ana kuchigwa cha Shire, ndipo m'nkhungu muja sindinkadziwa ngati lili patali kapena pafupi. Ndinadzikhwekhwereza chokhala mpaka pa chitsa, nkuchikumbatira, osafunanso kusuntha. Anyani ankakuwa chapafupi koma osaoneka. Ndinalira, achemwali, kulira kwenikweni, ndikuganiza za ana anga amene ndinawasiya ali mtulo.

Amene anandipulumutsa si anzanga a nsapato zodula aja. Anali amayi awiri otola nkhuni. Wina anatula mtolo wake, nkumasula chitenje chapamwamba kundifunditsa, nkumandisisita manja kuti magazi ayende. Anangoti pepani mayi, musaope, tili pano. Mnzawoyo analowa m'nkhungu momwemo osakayika, poti njira zonse za m'menemo amazidziwa ndi mapazi, nkubwera ndi bambo wina amene ankakankha njinga ya matabwa. Bamboyo anatsitsa matabwa ake onse, katundu woti akagulitse kuti ana adye, nkuwasiya patchire. Anandikweza pa kaliyala nkumakankha, amayi aja akundigwirizira uku ndi uku, mpaka Ku Chawe kumene ndinapeza galimoto yopita kuchipatala.

Mtsogoleri uja anandiimbira dzuwa litapendeka. Akuti ankaganiza kuti ndabwerera ndekha. Kubwerera ndekha m'nkhungu, osatsanzika? Munthu amene anatiwerenga ponyamuka analephera bwanji kutiwerenga pofika? Madzulo ake anaika zithunzi akumwetulira, pamodzi ndi nthawi yake ya pa Strava, pulogalamu ya pa foni ya othamanga, anthu nkumamuyamikira. Kunyumba sanabwere kudzandiona ngakhale tsiku limodzi, pamene ine ndikuyendera ndodo. Nditadandaula, yankho lake linali loti gululo si la anthu ochedwa. Nanga anandiitaniranji? Ndipo chimene chimandipweteka kuposa kakoloyo nchoti anzanga ena onse anangokhala chete, ndipo mpaka lero munthuyo akutengabe atsopano kupita nawo kuphiri. Dzina sinditchula, iye akudzidziwa.

Ndiye inu yambani chonchi. Masabata oyamba gwiritsani msewu watala wokwera Ku Chawe, mukatopa mubwerere, palibe manyazi. Chotsani zomvera m'makutu chifukwa njinga za nkhuni ndi matabwa zimatsika ndi liwiro ndipo katunduyo ndi wolemera, siziima msanga. Miyendo ikazolowera, muzizungulira damu la Mulunguzi nkutsata mtsinje kukafika ku Williams Falls. Kumeneko kumakhala anthu, ogulitsa masitiroberi ndi ziboliboli sali patali, ndipo ngakhale nkhungu itatsika phokoso la madzi limakulondolerani. Damulo ndi limene timamwa tonse m'tauni muno, choncho mabotolo anu muzibwerera nawo. Emperor's View, pamene anafika mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, pitaniko tsiku loti kumwamba kuli mbee, mukaone nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali. Queen's View ili pafupi pomwepo. Chingwe's Hole ndi nsonga ya Malumbe, yopitirira mamita 2,000, zisiyeni kaye.

Musapite nokha, chonde, makamaka inu mayi. Pezani gulu, kapena tengani mmodzi mwa anyamata operekeza alendo amene amakhala cha Ku Chawe, mugwirizane mtengo musananyamuke. Koma musadalire munthu aliyense. Jekete yopepuka muzimanga m'chiuno ngakhale dzuwa likuswa mtengo, madzi, kachakudya, ndi wenzulo, chifukwa mawu a munthu m'nkhungu safika patali. Uzani wina wa kunyumba njira imene mwatenga ndi nthawi yobwerera. Mapu a pa foni musawakhulupirire kwambiri, poti akadula paini malo amasintha, tinjira tatsopano ta malole timatuluka, takale nkutsekeka.

Nyengo ya May mpaka August ndi yokoma kuthamanga chifukwa sikutentha, komanso ndiyo ya chiperoni chimenechi. September ndi October kuli kutentha ndi moto wolusa, mukaona utsi bwererani. Dzinja dothi lofiira lija limaterera ngati therere, Potato Path potsika musayerekeze ndi nsapato zosalala kunsi. Nyamukani m'mamawa ndithu, koma musanatuluke yang'anani phiri kaye, likavala mtambo khalani pa tala.

Ndipo muzipereka moni kwa amayi a nkhuni ndi abambo a njinga mukakumana nawo, muziwapatukira poti iwo asenza katundu. Mukafuna, ndilembereni ku inbox Loweruka likubwerali tikazungulire damu limodzi. Ine masiku ano ndimathamanga pang'onopang'ono, kakoloyu kukazizira amabayabe, ndiye sindingakusiyeni m'mbuyo.