Mwasamukira ku Chanco pa sekondi iya ndipo mulibe mnzanu? Yankho langa ndi ili

Sabata yatha mu imelo munalowa kalata ya mtsikana wina, dzina sinditchula poti anapempha choncho. Akuti chaka choyamba anachitira ku Mzuni, yunivesite ya ku Mzuzu, kenako pa zifukwa za kunyumba wasamukira ku Chanco, ku Zomba, wayambira sekondi iya. Pomwe panandigwira mtima ndi apa: "Mkalasi aliyense ali ndi gulu lake kale, ine ndimangokhala kumbuyo ngati mlendo wa pamaliro. Mayaro amandiyesa konti, makonti amandiyesa yaro. Kodi ndinalakwitsa kusamuka?" (Pa koleji yaro ndi wa chaka choyamba, konti ndi amene akupitiriza.)

Achemwali, simunalakwitse ayi. Kungoti mwafika gule ali pakati, ng'oma zatentha kale, aliyense akudziwa poponda. Anzanuwo chaka chathachi anasochera limodzi posaka makalasi, anaima limodzi pa mzere wa rejisitireshoni, anakongozana ndalama ya chiwaya mwezi utafika poipa, nde ubale wawowo unaphikidwa pamoto umene inu simunauothe. Si kuti akudana nanu. Ambiri sakudziwa n'komwe kuti ndinu watsopano, akungoganiza kuti ndinu wa pulogalamu ina amene mwabwera kudzatenga kosi imodzi basi. Kuno kwathu kusamuka yunivesite sikofala, munthu komwe anakusankha n'komwe umamalizira, ndiye palibe amene amayembekezera nkhope yachilendo pa sekondi iya.

Inenso ndinalowera pakati pa sukulu ina yake, sinditchula, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri sikunali kusowa ocheza nawo. Kunali kusamva nkhani. Tsiku lina ndinadzuka m'mamawa, kusamba madzi ozizira, kuthamanga mpaka mkalasi, n'kupeza mipando yokhayokha. Ndinakhala pamenepo mphindi 40 ndikudziuza kuti ine nde wolimbikira, kkkk, osadziwa kuti a lekichala anasintha nthawi dzulo lake ndipo uthenga unadutsa pa gulupu ya WhatsApp imene ine munalibemo. Kalasi ija inachitika madzulo ine ndili phee kuchipinda, ndipo m'menemo ndi momwe analengeza tsiku la mayeso apakati.

Nde chinthu choyamba, mawa lomwe lino, funsani kuti class rep ndi ndani. Osachita manyazi, ntchito yake ndi imeneyo. Muuzeni kuti ndine wakuti, ndasamuka, ndiikeni pa gulupu zonse, ya kalasi ndi za makosi. Mumufunsenso ma past paper ali ndi ndani, chifukwa pa kalasi iliyonse pamakhala munthu m'modzi amene foni yake ndi nkhokwe, ali ndi manotsi a zaka zam'mbuyo ndipo amadziwa kuti a lekichala akutiakuti amakonda kufunsa pati. Ameneyo mugulireni fanta.

Kenako mapepala. Apa ndichedwapo pang'ono poti m'pamene anthu amalirira mochedwa. Makosi amene munachita ku Mzuzu aja, ena anawavomera kuti akufanana ndi a ku Zomba, ena mwina ayi. Musakhutire ndi mawu apakamwa akuti "aaa zili bho, musadandaule". Pitani kwa a hedi a dipatimenti, mukhale nawo pansi ndi transcript yanu, muone limodzi kosi ndi kosi, ndipo chomwe mwagwirizana chilembedwe, chisainidwe, inu musunge kope, mujambulenso pa foni. Maudindowa amasintha, amene akuvomera lero mwina mukamafika finale adzakhala atapita kukachita PhD kunja, wolowa m'malo wake adzangoona kuti pali kosi ya chaka choyamba imene sikuoneka pa dzina lanu. Ngati muli pa loni ya Loans Board auzeninso kuti mwasintha sukulu, musaganize kuti amva okha. Ndipo polemba makalatawo samalani dzina: chiyambire 2021 Chanco ndiyo University of Malawi payokha, Poly inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Pakamwa tonse timangoti Chanco, koma papepala lembani lenilenilo.

Za anzanu tsopano. Ine sindikhulupirira zoti munthu adzuke n'kunena kuti lero ndikukasaka mnzanga, zimaoneka pankhope ndipo anthu amathawa. Ubwenzi wa pa koleji umabwera chammbali, pamene mukuchita china chake. Asainimenti ya pagulu ikabwera musadikire kutoledwa komaliza, pitani nokha pa gulu lina muti kodi muli angati, ndilowe? Mukalowa gwirani mbali imene aliyense amaithawa, kutaipa ndi kukonza ma reference. Anthu amakumbukira amene anawapulumutsa usiku wa deadline kuposa amene anawamwetulira pa kolido. Kwaya, SCOM (gulu la ophunzira achikhristu), netiboli, drama, sankhani chimodzi chokha chimene mungapite sabata iliyonse osajomba, poti nkhope imazolowereka ikamaonekaoneka.

Ngati mukukhala kunja kwa kampasi, ku Chikanda kapena madera enawo, mesho wanu (amene mumakhala naye chipinda chimodzi) ndi anthu a pa mpanda womwewo ndiwo khomo lapafupi. Kubwereka mchere si umphawi. Phikani kondowole tsiku lina muitane wa chipinda choyandikana adzalawe, muone ngati sakhala mpaka mdima akukufunsani za kumpoto. Ndipo musabise kuti munachokera ku Mzuzu, mukamva wina akuyankhula Chitumbuka pa foni pafupi ndi Great Hall mupatseni moni wa kwanu, alipo ambiri kuposa momwe mukuganizira.

Chimodzi chokha ndikuletseni. Mawu akuti "ku Mzuni timachita chonchi" achepe. Kamodzi n'kosangalatsa, kachitatu anthu amayamba kuyang'anizana. Komanso foni ija, ndikudziwa kuti madzulo aliwonse mumakhala pa gulupu ya anzanu akale kuseka nthabwala za ku Luwinga komwe kuli Mzuni, palibe cholakwika, koma thupi likakhala ku Chirunga pa kampasi ya Chanco, mtima uli ku Luwinga semesita imatha osadziwa dzina la munthu amene mumakhala naye benchi imodzi.

Zoti akukutchulani yaro zisakudyeni mutu. Pa nkhani ya njira ndinudi yaro, nde chitani zomwe mayaro amachita mopanda manyazi, funsani kuti chipinda chakuti chili kuti, bukhu ku laibulale amabwereka bwanji, kabaza kupita mtauni ndi zingati kuti asakubereni. Loweruka lina mutenge mesho mukwere phiri mpaka ku damu la Mulunguzi, mukagule sitiroberi m'mbali mwa msewu ngati ili nyengo yake. Juzi ya ku Mzuzu ija musaisiye kunyumba, Zomba mu June ndi July samaseka. Mayeso oyamba akadutsa mundilemberenso, ndikufuna ndimve ngati a hedi anasaina kapepala kaja.