Bwanji chitsulo chagalasi chimamera makristalo pochiumba ndi laser?

Funso: Ndinaphunzira kuti chitsulo chosungunuka chikazizira mofulumira kwambiri chimauma ngati galasi. Popeza makina a 3D oumba zinthu ndi laser (kuwala kwamphamvu kosungunula chitsulo) amaziziritsa chitsulo mwaliwiro lotere, n'chifukwa chiyani m'zinthu zoumbidwazo mumapezekabe makristalo? Wophunzira za uinjiniya, Blantyre.

Yankho: Zimene munaphunzirazo n'zoona. M'chitsulo wamba maatomu amandandalikana m'mizere yolongosoka, ndipo mizere imeneyi ndiyo makristalo, pomwe m'chitsulo chagalasi amaumira pamene ali, osapeza mpata wofola. Pol Duwez ndi anzake ku yunivesite ya Caltech, ku America, anachipanga koyamba mu 1960 posakaniza golide ndi silikoni, ndipo panafunika kuziziritsa madigiri pafupifupi 1,000,000 pa sekondi.

Vuto silikhala kwenikweni pamene laser yasungunula ufa wachitsulo, chifukwa kadontho kosungunukako n'kakang'ono ndipo kamazizira msanga. Limakhala m'mphepete ndi pansi pake, pa chitsulo chimene chinauma kale. Makina amayala ufa wina pamwamba, laser n'kudutsanso, ndipo galasi la pansi limatenthedwa mokwanira kuti maatomu ayambe kusuntha, koma osafika posungunuka. Apa m'pamene amafola. Timbewu ta makristalo timene tinabadwa pa kuzizira koyamba timakula nthawi iliyonse kutentha kukabwerera, motero kutenthetsa galasi n'koopsa kuposa kuziziritsa chitsulo chosungunuka. Pa Vitreloy 1, chitsulo chimene Atakan Peker ndi William Johnson anapanga ku Caltech komweko, kuziziritsa digiri 1 pa sekondi n'kokwanira, koma pochitenthetsa pamafunika madigiri pafupifupi 200 pa sekondi kuti makristalo asamere.

Chinanso chimene ambiri amachipeputsa, koma ine ndimachiona chachikulu, ndi okosijeni. Ufa wosalala umayamwa mpweya umenewu mosavuta, makamaka ukakhala ndi chitsulo chotchedwa zirconium, ndipo okosijeniyo amafulumizitsa kumera kwa makristalo, amene kawirikawiri amakhala ophwanyika msanga.

Mwina mungaganize kuti kuchepetsa mphamvu ya laser kungathetse zonsezi. Kumachepetsadi makristalo, koma ufa susungunuka bwino ndipo mkati mumatsala timibowo. N'chifukwa chake akatswiri amasinthasintha mphamvu, liwiro ndi njira yodutsa laser, nthawi zina n'kudikira kuti gawo lizizire asanayale lina, kenako amayeza chinthucho ndi X-ray kuti aone ngati chikadali galasi.