Musanalipire sowo ya patebuloyo, zulani pulagi muone

Achimwene, imani kaye. Mwafunsa za sowo ya patebulo, makina ochekera matabwa, yoti mugule ndi K6,000 ya kuno ku Zambia. Ndawerenga amene akukuuzani kuti ndi ndalama yanuyo ingogulani makina akale kapena mupite kwa owotcherera akupangireni tebulo, ndipo mtima wanga wachita kuti phaa. Ine chala changa cha mkombaphala chakumanzere chinatsala theka pa makina otere omwewo, ndiye ndiloleni ndikuuzeni.

Munali mu Sepitembala 2024, nthawi ija madzi atachepa ku damu la Kariba lopangira magetsi, magetsi tikuwaona maola atatu pa tsiku, nthawi zina amabwera anthu tili m'tulo. Ine ndimagwirira ntchito kuseri kwa nyumba ku Mchini, komboni ya kuno ku Chipata, pansi pa malata anayi. Makinawo ndinali nditagula miyezi iwiri m'mbuyomo pa K4,800 kwa mkulu wina amene sindimutchula. Anati achokera ku South Africa. Mota inali yabwino ndithu, ya lamba, yolemera, tebulo lachitsulo. Koma swichi yake inali ija yoyera ya pakhoma yoyatsira kuka, atayimanga ndi waya pamwendo wa tebulo. Ndinafunsa. Anandiyankha kuti, "Yoyamba inapsa amdala, iyi ndiye yolimba, swichi ndi swichi." Ndinamukhulupirira.

Sabata imeneyo ndinali ndi oda ya bedi la mlombwa, la ukwati wa Loweruka, ndalama yoyamba nditadya kale. Lachitatu usiku cha m'ma 1 koloko mayi a kunyumba anandigwedeza, ati magetsi abwera, firiji yalira. Ndinadzuka ndi tulo m'maso, kabudula ndi patapata basi. Ndinatenga thabwa lokhuthala mamilimita 50, lisanaume bwinobwino, ndinkadziwa kuti silinaume koma nthawi inalibe. Ndinayamba kuling'amba. Nditafika pakati, magetsi thii. Mdima. Bleyidi inaima m'kati mwa thabwa, thabwalo litaifinya mbali zonse, kulikoka osatheka, kulikankha osatheka.

Ndinayatsa tochi ya foni n'kuiluma pakamwa. Swichi sindinazimitse. Sindinaiganizire n'komwe, makina akakhala chete mutu umangoti azima. Ndinatenga kachidutswa kosongola kuti ndikhomere mu mzere wochekawo thabwa litseguke, dzanja lamanzere ndinaliika kuseri kwa bleyidi, zala zikugwira mano ake enieniwo. Sipanathe mphindi zitatu. Choyamba ndinaona babu la pakhonde layaka, ndiye mota inabuula. Thabwa linanyamuka n'kundimenya m'nthiti mpaka mpweya kundithera, dzanja linakokedwa. Kuwawa sindinamve. Ndinangomva kutentha ngati ndagwira mbaula. Foni inagwa mu utuchi ikuwalabe, ndiye ndinaona utuchiwo ukunyowa, ukuda. Mukudziwa mlombwa uli ndi utomoni wofiira ngati magazi, kwa kanthawi mutu wanga unkakana, unkati ndi utomoni wa mtengo. Mota ikulirabe, lamba akununkha kupsa. Mwana wanga wa zaka 12 ndiye anatuluka n'kukazula pulagi, anadutsa pafupi ndi bleyidi ikuzungulira, wopanda nsapato. Mpaka lero chimene chimandisowetsa tulo ndi chimenecho, osati chala.

Amayi ake anang'amba chitenje n'kumanga. Usiku ngati umenewo galimoto mungaipeze kuti m'komboni? Aneba anandinyamula pa njinga yamoto, dzanja ndalikweza m'mwamba, magazi akuyenderera m'chigongono mpaka pa malaya awo. Kuchipatala anandithandiza bwino, koma anati fupa laphwanyika, palibe cholumikiza, anadula chophwanyikacho n'kusoka.

Patapita masabata awiri ndinapita kwa mkulu uja ndi bandeji yanga. Sindinkafuna ndalama, ndinkafuna angoti pepani. Anandiyang'ana n'kunena kuti makina sadula munthu, munthu ndiye amadzidula. Ndinabwerera ndikunjenjemera. Kenako mnyamata wa zamagetsi amene anabwera kudzaona makinawo anandionetsa mabowo anayi pamwendo pomwe panali swichi yeniyeni, mawaya atadulidwa bwinobwino, opanda chizindikiro cha kupsa kulikonse. Mkulu uja anachita kuichotsa kuti akagulitse payokha. Kuseri kwa bleyidi kunalinso kachitsulo kochekedwa ndi girayinda, pomwe pankamangidwa riving knife, chitsulo choletsa thabwa kufinya bleyidi. Munthu wamkulu, wa ana ake, kuchotsa zinthu zoteteza moyo wa mnzake chifukwa cha tindalama ta relish ya masiku awiri! Amapemphera, Lamlungu amavala suti. Inde, ine ndinalakwa posazimitsa, ndinalakwanso kugwira ntchito ndi tulo, ndimavomera. Koma iye ankadziwa mmene magetsi akuyendera m'dziko muno chaka chimenecho, ndipo anandigulitsabe.

Ndiye mukapita kukaona makina aliwonse, atsopano kaya akale, chitani izi pamaso pa wogulitsa. Yatsani alire, zulani pulagi, dikirani bleyidi iime, bwezerani pulagi mutaima patali. Akangoyamba okha, bwezani ndalama m'thumba. Swichi yoyenera ili ndi mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, m'kati muli maginito amene amagwira pokhapo magetsi alipo. Akazima imadzimasula, akabwera siyatsa mota mpaka inu mudine lobiriwira. Kwa ife a magetsi ozimazima ichi ndicho choyamba, osati mawatsi.

Riving knife ija ndi kachitsulo kopyapyala kokhota komwe kamaima kuseri kwa bleyidi, mu mzere umodzi. Ntchito yake ndi kuletsa thabwa kutsekeka n'kugwira mano akumbuyo, chifukwa mano akumbuyowo amakwera m'mwamba, akagwira thabwa amaliponyera kwa inu. Bleyidi ya mamilimita 254 ikamazungulira ka 4,500 pa mphindi, mano ake amathamanga kupitirira makilomita 200 pa ola, palibe munthu angazinde. Ndipo matabwa athu ano a m'misika, ocheka pamanja m'tchire, ambiri amabwera aawisi ndi opindika. Amatsekeka kawirikawiri. Ndikudziwa akalipentala ambiri amakachotsa kachitsuloko ati kamachedwetsa. Musawatsanzire. Ndipo amene walemba kuti mangani bleyidi ya matabwa pa girayinda, chonde fufutani zimenezo. Girayinda yaing'ono imazungulira ka 11,000 pa mphindi, mukuigwira ndi manja, mudzaika munthu m'manda.

Fensi yotsamirapo thabwa ija iyeseninso. Imangeni, igwedezeni ndi dzanja. Pimani ndi tepi kuchokera pa dzino lakutsogolo mpaka pa fensi, ndiye dzino lakumbuyo mpaka pa fensi. Kumbuyo kukakhala kopanikiza ngakhale pang'ono, thabwa lizifinyika. Makina otchipa ambiri amagwa pamenepa.

Bleyidi yobwera ndi makina musaidalire. Yong'ambira matabwa olimba ikhale ya mano 24, yodulira mopingasa ndi pulayiwudi ya mano 48 kapena 60. Onani bowo lapakati, ambiri kuno ndi mamilimita 30 koma alipo a 25.4 ndi a 16, mukasokoneza bleyidi imavina. Akale ochokera ku America samalani nawo, ambiri ndi a mavoti 120, athu kuno ndi 230. Ngati mukudalira jenereta, mota ya mawatsi 1,800 poyamba kuzungulira imakoka mphamvu yoposa pamenepo, kajenereta ka 2 kVA kamangotsokomola n'kuzima. Funsaninso ngati mabulashi, timakala ta m'kati mwa motayo, amapezeka ku Down Shops, mashopu a m'tauni konkuno, chifukwa Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, simungaimitse ntchito sabata yonse kudikira kakala kakang'ono ngati chala kabwere pa basi.

Ndinganene kuti gulani atsopano m'shopu, okhala ndi risiti, zoteteza zonse zili pomwepo, a Makita, Bosch kapena DeWalt ngati thumba likulola, ngakhale pa K6,000 sindikuona mukuwafika. Ndinganenenso kuti musagule kwa anthu a m'makwalala, musagule opangidwa ndi owotcherera. Koma kunena zoona, atsopano otchipawa a tebulo lopepuka ndi mota ya mabulashi amayenera paini ndi malaina. Mukawapatsa muwanga kapena mlombwa wa mamilimita 50 tsiku lonse amatentha, amalira ngati akuphedwa, aneba adzakudani. Ine makina anandidula aja sindinawataye. Ndinagula swichi ya maginito, mnyamata uja anaiika pamalo pomwe bondo langa limafika, wowotcherera wina anandisulira riving knife kuchokera ku bleyidi yakale, ndipo mpaka pano ndi omwe akudyetsa ana anga. Mota ya lamba ija siitopa. Ndiye mukapeza akale otere, a mota ya lamba ndi tebulo lachitsulo, shafuti yozunguza bleyidi yosagwedera, pa K4,500 kapena K5,000, tengani, yotsalayo mugulire swichi ndi bleyidi tsiku lomwelo musanawalowetse pa magetsi. Mutengeko munthu wa zamagetsi popita, mum'patse ya sopo.

Timitengo tokankhira thabwa dzipangireni tiwiri, tizikhala pa tebulo pomwepo. Magetsi akazima pakati pa ntchito, dzanja loyamba lipite ku pulagi. Ndipo usiku musacheke, kaya oda ikhale ya ndani. Bedi lija analimaliza mnzanga wa ku Kapata, ndalama yonse anatenga iye, ine ndinakhala miyezi iwiri osagwira thabwa, lendi tinalipira ndi ndalama ya tomato ya amayi a kunyumba.

Mukawapeza amene mukufunawo, jambulani swichi ndi kuseri kwa bleyidi mutumize muno ndione musanalipire. Ngati ali mu Chipata momwemuno ndiuzeni tsiku, ndibwera ndi tepi yanga.