Mtengo wa boma ndi mtengo wa venda

Bambo wina amene amalima chimanga ndi soya kufupi ndi Ekwendeni anditumizira imelo. Akuti mphwawo yemwe akuphunzira ku Iowa, dera la ku America, wawauza kuti kumeneko mtengo wa chimanga ukagwa, boma limalipira mlimi. Akufunsa ngati n'zoona, komanso chifukwa chimene venda kuno amagulirabe motchipa ngakhale boma lalengeza mtengo wogulira mbewu.

N'zoona ndithu bambo. Lamulo la zaulimi la ku America la 2014 linabweretsa ndondomeko ziwiri. Pa yoyamba, Price Loss Coverage, panthawiyo anaika $3.70 pa bushel imodzi ya chimanga, yomwe ndi makilogalamu pafupifupi 25. Mtengo wa pamsika wa chaka chonse ukatsika kuposa mtengo woikidwa ndi lamulo, boma limawonjezera ndalama yotsalayo. Yachiwiri, Agriculture Risk Coverage, imayang'ana zimene alimi a m'dera lonse (county) apeza pa ekala poyerekeza ndi zaka zapitazo. Zikachepa, alimi olembetsedwa m'deralo amalandira, ngakhale amene munda wake wabereka bwino.

Pali chimodzi chimene mphwanu mwina sanakuuzeni. Ndalamazo sizitsatira matumba amene mwakolola chaka chino. Zimawerengedwa pa maekala amene munda unalembetsa kale ku ofesi ya zaulimi, ndipo amalipira pa maekala 85 mwa 100 alionse. Ndiye wa maekala masauzande ndi amene amatapa zambiri. Mlimi wa maekala atatu ngati inu, ngakhale kumeneko sakanalemera nazo.

Kwathu kuno nkhani ndi ina. Unduna wa zaulimi umalengeza mitengo chaka ndi chaka, koma mukagulitsa motsika palibe amene adzakubwezereni kanthu. Mtengowo umakhala ndi mphamvu pokhapokha pali wogula amene ali ndi ndalama m'manja. Ntchito imeneyi inapatsidwa kwa ADMARC kuyambira 1971, koma misika yake ikachedwa kutsegulidwa, amene amafika ndi venda. Amapachika sikelo pamtengo m'mwezi wa Meyi, amaluma njere imodzi n'kunena kuti chimanga sichinaume, n'kuchotsako makilogalamu awiri. Inu fizi ya mwana ikudikira. Mukana bwanji?

Ndalama za boma lathu zimapita ku feteleza. Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi mu 2005, ndipo mu 2020 ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inabwera ndi thumba la feteleza la K4,495. Ine sindinyoza zimenezi, anthu ambiri adya nazo nsima. Koma feteleza amachulukitsa zokolola, ndipo aliyense akagulitsa mwezi umodzimodzi mtengo umagwa. Amene wagula mu Meyi n'kusunga mpaka Januwale ndiye amadya phindu la sabuside.

Ndiye musadikire kuti tikhala ngati Iowa, thumba la boma lathu silingakwanitse. Gulitsani zochepa zoti zithetse vuto la lero, zotsalazo muziumitse bwino n'kuziika m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Soya musagulitse nokhanokha. Alimi a khofi a ku Misuku ndi Phoka amagulitsa pamodzi kudzera ku Mzuzu Coffee, ndipo wogula amakambirana ndi gulu, osati munthu mmodzi wapanjinga. Funsani alangizi a m'dera lanu ngati pali kopaletivi ya soya yolembetsedwa, ndipo musanalowe muone kaye mabuku awo a chaka chatha kuti anagulitsa kwa ndani, pa mtengo wanji, ndipo alimi analandira liti ndalama zawo.