Za ulusi wopotanawo, tamvera mwanangu

Alo... eya, chayamba kujambula. Mwaswera bwanji nonse m'gulumu? Ife kuno ku Zomba taswera, kungoti dzuwa lake silikuseka ndi munthu. Ndikufuna ndimuyankhe mwana wa achimwene uyu wa ku Johannesburg. Kulemba sindingathe, timabatani ta foniti ndi maso angawa sizigwirizana, ndiye ungomvera.

Wati ukusoka pamanja bulangete la zigamba ndi zitenje zija anasiya agogo ako, koma ulusi ukungopotana, kumanga mfundo, pena kuduka, ndiye m'sitolo wapeza kabokosi ka zopaka ulusi kolembedwa Thread Magic, ukufunsa ngati ugule. Chithunzi ndachiona. Chitenje chobiriwira chamasamba chija ndachidziwa msangamsanga, amayi ankakonda kuchivala Lamlungu. Wachita bwino mwanangu.

Koma chimene chandiseketsa pachithunzipo ndi ulusi wako. Utali wonsewo, ukufuna kuyanikapo zovala? Ndalama yako iyambe yakhala m'thumba, tenga sizasi. Ulusi wosokera pamanja uziyeza kuchokera kunsonga ya chala kufika pachigongono, masentimita 45 kapena kuposerapo pang'ono, basi. Ganiza bwino: nthawi iliyonse ukabaya n'kukoka, ulusi wonse wotsalawo umadutsa pabowo la nsalu, kukhulika. Ukakhala wautali, mbali yakumapetoyo imakhala itadutsa kambirimbiri isanafike pamalo pake. Imayamba tiubweya, tiubweyato timakolana, mfundo ndi imeneyo. Ndikudziwa chimene umaopa, kulowetsa ulusi m'singano pafupipafupi. Tonse tinadutsamo. Tenga masingano anayi kapena asanu, ulowetseretu ulusi onse, uwabaye pakansalu pambali pako, wina akatha ungotola mnzake.

China, ulusi umene ukuuonawo ndi tiulusi tiwiri kapena titatu topotedwa pamodzi. Ndiye iwe posoka zala zako zimatembenuza singano pang'onopang'ono osadziwa, n'kumawonjezera kupota. Ukabaya kasanu kapena kakhumi, siya singano ilendewere m'munsi. Uiona ikuzungulira yokha ngati nguli. Ikaima, pitiriza. Zimenezi sagula kusitolo.

Tsopano za chopaka. Ine chiyambire ndimagwiritsa phula la njuchi, ena amati sera. Si zachilendo ayi, pita ukaime pa wosoka nsapato aliyense pamsika, uona akukoka ulusi wake pakachibulumwa kakuda ndi litsiro la m'manja asanabaye. Ntchito ya phula ndi kugoneka tiubweya tija, ulusi ukhale wosalala ndi wokhwimirapo pang'ono. Wokhwima sufulumira kudzikulunga. Kanga ndili nako pano m'manja, kakang'ono ngati sopo wotsala pang'ono kutha, konse kali timizeretimizere todutsa ulusi. Kandikhalira zaka, sikatha.

Kachitidwe kake n'kotere. Wadula ulusi uja, ugoneke paphula, upanikize ndi chala chachikulu, ukoke mpaka kumapeto. Kawiri, ukachulutsa katatu. Osapitirira. Ndiye apa mvetsetsa, chifukwa ambiri amalekera pomwepo n'kumati phula n'loipa. Phulalo likadali pamwamba pa ulusi, silinalowe. Ukasoka choncho, nsalu imalipala pobaya paliponse, timanyenyeswa timatsala pamsoko, ndipo pofika pakati ulusi wabwerera mwakale. Uyenera kuusita. Tenga pepala loyera losalembapo kapena kansanza koyera ka thonje, upinde pawiri, ulusi ulowe pakati, simbi yotentha pamwamba, ukoke ulusiwo pansi pa simbi. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 63 kapena chapompo, simbi iliyonse imafikapo, ngakhale yamakala yomwe yayamba kuzirala. Likasungunuka limalowa m'kati mwa ulusi, lotsala limamwedwa ndi pepala. Nyuzipepala ayi, inki yake idetsa ulusi. Ine ndimadula khumi nthawi imodzi, kupaka onse, kusita onse, n'kuwakoloweka pamsana pa mpando. Ukaugwira ulusi wosita umamva kuti wasintha, uli gwaa ngati kawaya kofewa, ndipo m'diso la singano umangolowa wokha osafuna malovu.

Kusitako ndinaphunzira ndi misozi. Ndinali ndi bulauzi yoyera yakutchalitchi, kolala inasosoka. Ndinapaka phula lachikasu kasanu konse, ndimvekere lilimbe, n'kusoka osasita. Loweruka madzulo posita bulauziyo, mayo ine! Mzere wachikasu kuzungulira khosi lonse, ngati ndadontheza mafuta a ndiwo. Ndinavutika nawo ndi pepala ndi madzi otentha, koma sunachoke wonse. Ndiye pa nsalu yoyera kapena yowala, funa phula loyeretsedwa, loyera, ndipo uyambe wayesa pakachigamba kotaya. Pa zitenje za agogozo usade nkhawa kwambiri, maluwa ake amabisa.

Dikirani... iwe, tseka chitseko nkhuku zikulowa! Pepani.

Ndimati chiyani? Eya, ka Thread Magic ka m'sitolo kaja. Si kabodza ayi. Mayi wina wa m'gulu lathu losoka anabwera nako kuchokera ku UK, ndinakayesa. Si phula, ndi zopangidwa ndi silikoni. Phula limakhwimitsa ulusi n'kuupatsa kakunata pang'ono, pamene ako kamangouchititsa kuterera, sikafuna simbi, ndipo sikasiya chikasu. Pamene kanandisangalatsa ndi pa ulusi wa poliyesitala. Ukudziwa momwe siketi ya nayiloni imakakamirira m'miyendo nthawi yozizira? Ulusi wa poliyesitala umachitanso chimodzimodzi, umadzikakamira wokha, makamaka kwanu ku Joni kumene mphepo yake ya June ndi youma. Pamenepo phula silithandiza kwenikweni, poti poliyesitala samwa phula monga umachitira ulusi wa thonje. Ndiye ngati ulusi wako ndi umenewo, gula, sulakwa. Ngati ndi wa thonje, ine ndikanakhala iwe ndikanagula phula, n'lotsika mtengo ndipo pomanga mfundo yomaliza limagwira bwino. Ulusi woterera kwambiri mfundo yake imatha kumasuka.

Koma usanagule chilichonse, werenga zolembedwa pampukutu wa ulusiwo. Ulipo ulusi wopangira ntchito yako yomweyi, amalembapo kuti hand quilting kapena glazed, a kampani ya Gütermann amapanga wotere. Umenewo anaupakiratu kufakitale, ukaukoka pampukutu umakhala wowuma, wonyezimira pang'ono. Usawonjezerepo kanthu. Kwa bulangete limene udzafune kuti mwana wako adzafunde n'kusungira ake, ndi umene ndingakusankhire, makamaka pa gawo lija lolumikiza nsalu yapamwamba, chofewa chapakati ndi nsalu yapansi, poti pamenepo ulusi umadutsa zinthu zitatu ndipo umakhulika kwambiri.

Chenjezo lalikulu, ndipo alamu anga amene muli ndi makina mumvenso: ulusi wopaka phula, ngakhale wa glazed womwewo, usayandikire makina osokera. Phula limatsalira pa timbale tija timapanikiza ulusi ndi m'njira monse umadutsa, fumbi la nsalu n'kumatirirapo, makina amayamba kulumpha ndi kudula ulusi. Zimenezi n'zapamanja basi. Ulusi wopetera maluwa, wonyezimira uja, nawonso usaupake phula, umafifira.

Wina m'gulumu ndaona walemba kuti kandulo bwanji. Kandulo tinagwiritsapo, sindikana. Batani likathothoka uli paulendo, koka ulusi pakandulo, usoke, zitheka. Koma kandulo wamba ndi wa parafini, ngouma, amanyenyeka, sagwira ulusi ngati phula la njuchi. Pa bulangete lonse ayi. Sopo wouma naye amathandiza pang'ono, ubwino wake amachoka pochapa. Zimene ndikukuletsa ndi mafuta odzola ndi mafuta ophikira. Amalowerera m'nsalu, amaitana fumbi, msoko wonse umada.

Phula lenilenilo kumudzi silisowa, anthu akafinya uchi zisa amangotaya. Ine ndimapempha kwa alimi a njuchi. Ndimaika zisazo m'chitini chakale, kuthiramo madzi, pamoto wochepa mpaka zisungunuke, kenako kusefa pakansalu m'chitini china. Likazizira phula limayandama n'kuuma pamwamba pa madzi ngati chikondamoyo, zinyalala zili kunsi kwake, umangopala ndi mpeni. Ndimabwereza kawiri kuti uchi wonse uchoke, apo ayi nyerere zidzakupeza m'bokosi la zosokera. Osaliika pamoto lopanda madzi, limayaka. Ndipo osalisiya pawindo mwezi wa October, udzapeza lafewa lamatirira pa ulusi wonse. Kwanuko sudzavutika ndi zonsezi, m'masitolo a nsalu amagulitsa lili kale m'kapulasitiki kokhala ndi timipata todutsitsa ulusi.

Singano yako uionenso. Diso likachepa limapala ulusi pamalo amodzi mpaka kuduka, ndiye posoka uzisuntha singanoyo pang'ono, isakhale pamalo omwewo. Masingano a ntchito imeneyi ndi aafupi, amalembapo betweens, ndipo nambala ikamakwera singano imachepa. Yamba ndi 8, dzanja likazolowera udzapita pa 10. Ndipo soka ndi ulusi umodzi, usaupinde pawiri, awiriwo ndi amene amakonda kukulungana. Zitenje za agogo zinachapidwa kambirimbiri, n'zofewa, singano idzangoyenda. Koma ngati ukuwonjezera chitenje chatsopano, uyambe wachichapa, chimakhala cholimba ndi sitachi ndipo china chimasuluka.

Jambula mpukutu wa ulusiwo mbali yolembedwayo unditumizire, ndione ngati ndi thonje kapena poliyesitala. Ndipo chigamba chimodzi cha chitenje chobiriwiracho undisungire, ngakhale kakang'ono ngati chikhatho. Basi, ndikapite ku mbaula, nyemba zanga zipserera.